Funso limodzi linamulanda zaka zisanu za kafukufuku

Pomwe ndinkachita maphunziro a digiri yachiwiri mu mzinda wa Pune ku India, ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wina wa komweko yemwe ankaphunzira mbiri yakale. Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha, koma sikuti ankawerenga mabuku a m'kalasi ayi. Ankaloweza mayankho a mayeso otchedwa UGC NET.

Ku India, mayeso amenewa ndiwo khomo lalikulu kwa munthu wofuna kuphunzitsa kukoleji kapena kuyunivesite. Amalembedwa kawiri pachaka, mu June ndi mu December, ndipo kuyambira 2018 akuyendetsedwa ndi bungwe la National Testing Agency. Mafunso ndi 150, onse ongosankha yankho, funso lililonse malikisi awiri, ndipo amalemba maola atatu.

Kufika pa malikisi oikika sikokwanira. Pa anthu 100 aliwonse olemba amangotengapo 6 apamwamba kuti ndiwo oyenera kufunsira ntchito ya Assistant Professor. Mwa iwowa, ochepa okhoza kuposa anzawo ndiwo amapata thandizo la Junior Research Fellowship, kapena kuti JRF: marupi 37,000 pamwezi poyambira, ndipo thandizolo limafika zaka zisanu munthu akuchita kafukufuku wa PhD. Ife amene tinazolowera kuwerengetsa mapointi a MSCE timadziwa kuwawa kwa kutsalira pakhomo, koma kumeneko amene amatsalira ndi akuluakulu a madigiri awiri, ena a pabanja.

Mnzangayo ankafuna kufufuza za sitiraka ya m'chaka cha 1982 ya ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Mumbai, yomwe inasiya mabanja ambiri pa ulova. Agogo ake aamuna anali m'gulu la onyanyala ntchitowo. Iye ankafuna kuyenda khomo ndi khomo kujambula mawu a nkhalamba zotsala, zisanamwalire. Ntchito yotere imalira ndalama, ndipo kwawo kunalibe wompatsa. Komanso JRF ili ndi malire a zaka 30 zakubadwa. Amayi ndi anthu a magulu omwe ankasalidwa kale amawaonjezera zaka zisanu, koma iye sanali m'magulu amenewo. Mayeso a June 2024 anali mwayi wake womaliza.

Analemba pa 18 June. M'mawa mwake boma linafafaniza mayesowo poganiza kuti anabedwa, ndipo anthu oposa 900,000 anauzidwa kuti adzalembenso. Usiku umenewo sanadye. Anangoti, “Mbale wanga, zomwe ndinaloweza zija zayamba kale kuthawa m'mutumu.” Analembanso patapita miyezi iwiri. Zotsatira zitatuluka mu October, anapezeka kuti wakhoza ndipo ndi woyenera kuphunzitsa, koma pa JRF anaperewera ndi malikisi awiri. Funso limodzi basi.

Sindikunena kuti mayesowa ndi opanda pake. Dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni likasiya nkhani ya ntchito m'manja mwa mabwana okha, aliyense adzalemba mphwake. Ndinaona ndi maso anga mtsikana wa kumudzi, mwana wa mlimi, akupata JRF popanda womudziwa aliyense, ndipo anzake anamuvinira usiku wonse. Chomwe chimandivuta n'chakuti mayesowa amayesa kukumbukira ndi kufulumira, pomwe kafukufuku amafuna munthu wodekha, wodziwa kufunsa ndi kumvetsera. Mnzangayo ankatha kukhala ndi nkhalamba maola atatu mpaka iulule zomwe sinauzepo ngakhale ana ake. Luso limenelo palibe funso lomwe linaliyesa. Ndipo poti kuyambira 2024 malikisi a NET akugwiranso ntchito posankha olowa PhD, ophunzira ambiri ankathawa m'kalasi n'kumakakhala m'masukulu olipira ophunzitsa kukhoza mayeso.

Panopa mnzangayo akuphunzitsa pakoleji ina ngati mphunzitsi waganyu. Amalipidwa malinga ndi maphunziro omwe waphunzitsa, ndipo patchuthi salandira kanthu. PhD akuifunabe, akuti aziichita pang'onopang'ono ndi ndalama za m'thumba. Mwezi watha ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Mwa nkhalamba zisanu ndi ziwiri zomwe anazilemba m'kope kuti adzacheze nazo, ziwiri zamwalira. Loweruka likubwerali akukwera sitima kupita ku Mumbai kukaona yachitatu, yomwe akuti yagonekedwa m'chipatala.