Usiku umene ndidaganiza kuti mtima wanga ukuphulika

Akonzi, ndiloleni ndiulule pa tsamba lino nkhani imene ndakhala ndikuchita nayo manyazi kwa nthawi yaitali. Ndine bambo wa zaka 29, ndimakhala ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, ndipo ndimadya za njinga ya kabaza, imene kuno timaitcha Sacramento.

Chamba ndidayamba kusuta ndili Fomu 3. Nditalowa ntchito ya kabaza, anzanga pasiteji ankati chimachotsa kutopa m'miyendo ndi kuzizira kwa m'mawa. Amene adagonako ku Mzuzu mwezi wa June akudziwa kuzizira kumene ndikunena. Ndinkadzuka 5 koloko, kusuta, n'kumwa tiyi wakuda wa shuga wambiri popanda chodyera. Dzuwa likakwera ndinkagula chakumwa chija timati energy, masana tchipisi tapachiwaya tothira mchere wambiri, madzulo energy ina. Nsima ndinkaiona usiku basi.

Usiku wina wa mwezi wa July ndidasuta chamba chimene mnzanga adabwera nacho kuchokera kunyanja. Pasadathe theka la ola, mtima udayamba kugunda ngati ng'oma ya vimbuza. Pachifuwa padathina, zala zidachita dzanzi, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira chonsecho. Ndidadzutsa mkazi wanga n'kumuuza pamene ndidabisa ndalama za lendi, poti ndinkaona kuti sindifika m'mawa.

"Bambo, mwadya chiyani kumene mwachokako?" adandifunsa akulira.

Sindidamuyankhe. Mayi anga atamva nkhaniyi m'mawa, adati ndi anzanga apasiteji amene akundichitira nsanje, ndipo adayamba kale kufunsa za sing'anga. Mkazi wanga ndiye adakakamira kuti tiyambire kuchipatala ku Mapale.

Kumeneko adandiyeza malungo, BP ndi kuchuluka kwa magazi. Malungo sadapezeke, BP idali yokwerako pang'ono, magazi ocheperako pang'ono. Adanditumiza kuchipatala chachikulu cha Mzuzu kukaunika kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG, ndipo mtima udapezeka kuti ulibe chilema. Dokotala adandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu: "Achimwene, kupatula fodya wamba, mumasuta chiyani?" Ndidayang'ana pansi, kenaka ndidanena zoona mkazi wanga ali pomwepo.

Zimene adandifotokozera ndi zimene zandichititsa kulemba. Mtima wa munthu wamkulu akakhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. M'chamba muli mankhwala otchedwa THC amene amatha kuwonjezera kugundako ndi ka 20 mpaka ka 50 pa mphindi, ndipo zimenezi zimatha kupitirira kwa maola angapo. THC yemweyo, makamaka chamba chikakhala chaukali, amadzutsa mantha mwa anthu ena. Munthu akamva mtima ukuthamanga amachita mantha, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga koposa, mantha n'kukulirakulira. Dzanzi la m'zala limabwera kaamba kopuma mothamanga. Mantha otere amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, kenaka amayamba kutsika okha.

Ndidasiya chamba tsiku lomwelo, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Masabata awiri oyambawo adali owawa kuposa usiku uja. Tulo sitinkabwera, ndinkakalipira ana popanda chifukwa, chakudya sichinkakoma. Izi adandichenjeza kuti zimachitika munthu akasiya chamba atachizolowera. Chimene sindidayembekezere n'chakuti mantha aja adapitirira ngakhale masabata amenewa atadutsa. Ndikamakwera chitunda ndi kasitomala, mtima ukangoyamba kugunda mwamphamvu monga umachitira kwa wopalasa aliyense, ndinkaima, kutsitsa munthu panjira n'kugwira pakhosi kuwerenga kagundidwe. Makasitomala adayamba kundithawa. Mwezi umenewo lendi tidalipira ndi ndalama za mkazi wanga zogulitsa tomato.

Ndi pamene ndidapita ku St John of God, kumene amathandiza anthu a mavuto a m'maganizo ndi ofuna kusiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Ndinkazemba poopa kuti anthu azinena kuti ndapenga. Ndidakapeza anthu wamba ngati ine, ena ovala mataye. Mlangizi adandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kuposa yokokera, komanso kusiya chizolowezi chogwiragwira pakhosi, chifukwa chimangodyetsera mantha. Kenaka adandiuza kuti nditchule zonse zimene ndidadya ndi kumwa dzulo lake. Nditamaliza adaseka pang'ono: "Bambo, chamba mwasiya, koma mtima mukuukwapulabe ndi zikwapu zina."

Chikwapu choyamba chidali caffeine, amene ali mu tiyi, khofi ndi zakumwa za energy. Kachitini ka mamililita 250 kamakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 80, ndipo mabotolo akuluakulu amaposa pamenepo. Akatswiri amati munthu wamkulu asapyole 400 patsiku, koma amene ali kale ndi nkhawa amatha kunjenjemera ndi wochepa chabe. Chachiwiri chidali njala. Munthu akapalasa maola ambiri m'mimba muli pululu, thupi limanjenjemera, thukuta limatuluka ndipo mtima umathamanga, zizindikiro zofanana ndendende ndi mantha aja. Ine ndinkamva njala n'kumaganiza kuti ndi imfa. Chachitatu chidali kuchepa kwa magazi, kumene kumachititsa mtima kugwira ntchito yowirikiza kuti mpweya ufike m'thupi monse. Chachinayi chidali kusamwa madzi, poti kuno kukazizira ludzu silimveka ngakhale munthu akutuluka thukuta.

Zimene ndidasintha n'zapafupi. M'mawa sindichoka pakhomo ndisadadye phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena mbatata yophika. Energy ndidasiyiratu, ndipo ndalama yake ndimagula nthochi ziwiri ndi mtedza. Nthochi, mbatata, nyemba ndi masamba zili ndi potassium, mchere umene umathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Pa nkhani ya magazi, mkazi wanga amaphika nyemba, bonongwe, nkhwani ndi usipa wa ku Nkhata Bay, ndipo tiyi sindimweranso pa chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi. Ndimamwa kapu imodzi m'mawa, nthawi ina. Mchere tidachepetsa, poti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Panjinga ndimamangirira botolo la madzi. Kachasu wa Loweruka ndidamusiyanso, chifukwa matsire ake ankandidzutsira kugunda komwe kuja.

Ndisanamize owerenga kuti nthochi zidandichiritsa. Chidandichotsa m'dzenje ndi kusiya chamba, kuyezetsa mtima ndi kulandira uphungu. Chakudya chidangochotsa tinthu timene tinkautsa mantha tsiku ndi tsiku, ndipo patatha miyezi itatu ndidakwera chitunda ndi mayi wonyamula thumba la chimanga osaima panjira.

Komanso si kugunda kwa mtima kulikonse kumene kuli nkhawa. Chamba chimatha kuvulaza mtima weniweniwo, makamaka mwa amene ali kale ndi vuto. Ngati kupweteka kwa pachifuwa kukufika kumkono kapena kunsagwada, ngati munthu wakomoka, akubanika ali chikhalire, mapazi akutupa, kapena m'banja mwawo wina adamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono, ameneyo athamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo akafika anene zoona. Dokotala amene wabisiridwa chamba amafufuza mumdima.

Pasiteji ndimamva anyamata akunena kuti boma lidaloleza chamba. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2020 lidaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta kukadali mlandu. Koma ine sindikulemba ngati wapolisi. Sabata yatha mnyamata wina wa zaka zosakwana 20 adandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Akulu, mtima wanga ukumachita zachilendo usiku." Ndidamugulira nthochi, ndidamufunsa funso limene adandifunsa dokotala lija, ndipo Lolemba ndidamukweza panjinga yanga mpaka ku Mapale osamulipiritsa.

Wa Sacramento,
Mchengautuwa, Mzuzu