Namondwe Akadza, Agogo Adzatengedwa ndi Yani?

Pa 11 Marichi, 2023, namondwe wotchedwa Freddy anatsikira kumtunda pafupi ndi mzinda wa Quelimane ku Mozambique, ndipo posakhalitsa mvula yake inayamba kukhuthuka usana ndi usiku m'chigawo cha kummwera kwa Malaŵi. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu nakonso kunali maliro okhaokha. Anthu oposa 1,000 anataya miyoyo yawo.

Chenjezo linalipo. A zanyengo analengeza pa wailesi ndi pa mafoni kuti anthu okhala m'zigwa asamuke. Koma kodi mau akuti "thaŵani" athandiza bwanji gogo woyendera ndodo, wa maso achimbuuzi, amene ana ake ali ku Joni? Chodabwitsa nchakuti nkhalamba zomwezi ndizo zimadziŵa ngoziyi kuposa ife ophunzira. Izo zimakumbukira napolo wa ku Phalombe wa 1991, ndipo zina zinamva kwa makolo za wa ku Zomba wa 1946. Nzeru zilipo, yasoŵa ndi miyendo.

Nchifukwa chake ine ndiyesa kuti kukonzekera kwenikweni kuyambe ndi dzina la munthu. Mvula isanagwe, banja ligwirizane kuti Agogo Uje adzatengedwa ndi mnyamata wakutiwakuti, pa njinga kapena pamsana, kunka kumalo okwera odziŵika kale. Ntchito ya aliyense, paja, imagona panja. Achoke dzuŵa likali m'mwamba, pakuti madzi odza usiku amapeza achinyamata atabalalika kale.

Katundu wawo ngwochepa: buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi okwanira masiku angapo, zonsezi zitamangidwa m'pepala la pulasitiki, kuwonjezapo bulangete ndi tochi. Mlatho ukakokoloka, chipatala cha pafupi chimasanduka cha kutali.

Chovuta koposa ndi kuwakopa. Munthu wamkulu safuna kusiya mbuzi zake, nkhokwe yake ndi manda a abale ake, ndipo mdzukulu wolankhula mothamula ngati wapolisi sangaphule kanthu. Khalani pansi, muwauze kuti, "Agogo, mbuzi ndaziperekeza kale kumtunda kwa amalume, tiyeni tikagone kusukulu masiku aŵiri okha." Mbuzizo muzikusedi, chifukwa bodza lotere silibwerezedwa.

Aphunzitsi anzanga, makalasi athu ndiwo amasanduka misasa ya othaŵa madzi, monga zinachitikira mu 2019 ndi mu 2023. Paphokoso la pamsasa nkhalamba siingalimbane ndi anyamata pamzere wa ufa, ndipo kaŵirikaŵiri imagona ndi njala osadandaula. Sankhanitu chipinda chosadontha, chopanda masitepe, choyandikana ndi chimbudzi, ndipo mwana mmodzi wa Fomu 4 asunge kope la maina awo ndi mankhwala amene aliyense amamwa.