Chifukwa Chake Timataya Mkaka Wowonongeka

Kapena mudaonapo ife oyang'anira za ukhondo tikutulutsa mapaketi a mkaka, chambiko ndi yogati m'golosale ndi kukawataya kudzenje. Ambiri amadandaula, nati kumeneko ndi kusakaza chakudya, kukadakhala bwino kungouwiritsa mkakawo kuti anthu amwe. Dandauloli ndi lomveka, pakuti mkaka ndi wokwera mtengo. Koma moto sukonza mkaka uliwonse.

Mkaka ukakhala pamalo ofunda, tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana msanga, tina kuchuluka kawiri pa theka la ola lililonse. Kachilombo kena kotchedwa Staphylococcus aureus, kamene kamapezeka m'mphuno, pazilonda za m'manja mwa wokama ndi m'bere lotupa la ng'ombe, kamasiya poizoni mumkakamo. Mukawiritsa, kachilomboko kamafa koma poizoniyo amatsala. Kawirikawiri mkakawo sununkha, ndipo lilime siliuzindikira. Womwa amayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba pasanathe maola 8, ndipo mwana wamng'ono amatha madzi m'thupi mofulumira.

Zimenezi zidaoneka poyera ku Japan m'chaka cha 2000. Pa fakitale ya kampani ya Snow Brand ku Hokkaido magetsi adazima kwa maola atatu, mkaka nukhala wosazizira. M'malo moutaya, adautenthetsa ndi kuusandutsa waufa. Ufawo adapangira mkaka wa m'mapaketi ku Osaka, ndipo anthu oposa 13,000 adadwala. Akuluakulu a mzindawo adalamula kuti mkakawo uchotsedwe m'masitolo, naimitsa ntchito pa fakitale ya ku Osaka. Onani kuti kampaniyo idali ndi makina amakono, koma poizoni adapyola pamoto osawonongeka.

Kuno kwathu magetsi amazimanso, nthawi zina tsiku lathunthu. Alipo amalonda ena amene amazimitsa dala firiji usiku kuti asunge mayunitsi, khalidwe loipa ndithu. Nchifukwa chake lamulo la Public Health Act la 1948 limaletsa kugulitsa chakudya chosayenera kudyedwa, ndipo limapatsa a zaumoyo mphamvu yochilanda kuti chiwonongedwe. Wogulitsayo angathe kuimbidwa mlandu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, limayesa katundu wa m'mafakitale ndi wolowa m'dziko. Ife tikafika m'sitolo timayang'ana tsiku lolembedwa papaketi, kuzizira kwa firiji, kumene sikuyenera kupyola madigiri 5, ndi mapaketi otupa kapena odontha. Tsiku likhoza kukhala lisanakwane, koma ngati mkakawo wagona m'firiji yozima timaulandabe.

Musasokoneze chambiko ndi mkaka wowonongeka. Chambiko chabwino chimasasitsidwa mwadala kuchokera ku mkaka wowiritsa, m'chiwiya choyera.

Oyang'anirafe ndife ochepa, sitingafike pagolosale iliyonse. Choncho inu pogula, gwirani paketi mumve ngati ndi yozizira, ndipo yotupa muisiye. Mkaka wa kukhola muuwiritse ukangofika, pakuti kutero kumapha tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi ta nthenda zina tisanachuluke. Mwana akayamba kusanza atamwa mkaka, mpatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono ndi kupita naye kuchipatala. Paketiyo musaitaye. Itengereni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku khonsolo, mutchule sitolo ndi tsiku limene mudagula, kuti mapaketi otsalawo tikawachotse ena asanagule.