Kusamalira Wodwala Wamkulu Pakhomo

Amayi ambiri amene anamvera sewero lija anafunsa kuti: apongozi akatulutsidwa m'chipatala ku Mzimba kapena ku Embangweni asakutha kudzuka, tiwasamale bwanji?

Choopsa kwambiri ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi. Magazi sayenda bwino pamene fupa latsamira mphasa, makamaka m'chiuno, kumsana ndi kuzidendene. Choncho atembenuzeni maola 2 alionse, ngakhale usiku, ndipo zogonera zikhale zouma. Khungu likada kapena kutentha pamalo amenewa, chilonda chayandikira. Musathirepo phulusa, koma uzani mlangizi wa zaumoyo msanga.

Pochapa nsalu za magazi kapena chimbudzi valani magolovesi. Ngati palibe, majumbo osabooka amathandiza. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo musananyamule mwana.