Mbewa ya Manyazi Idafera Kuuna: Za Matenda a Abambo kwa Goliati

Munthu amene adagonapo kwa Goliati nalawirira mbandakucha, nkhungu ya chiperoni ikadali chigonere m'zigwa, amadziwa kuti dziko la Thyolo silidikira dzuwa: awa apachika madengu kumsana kunka kukathyola tiyi ku esiteti, awo akukankha njinga zolemedwa ndi matimati ndi kabichi kunka kumsika, ndipo anyamata a kabaza ali kale pamsewu wa ku Ndata, kumene kuli sukulu ya ukachenjede ya MUST. Bambo wothyola tiyi amadziwa makilogalamu amene dengu lake lalemera pa sikelo, ndipo kalaliki akalakwitsa ngakhale pang'ono pamabuka mkangano, koma mukamfunsa bambo yemweyo kuti magazi ake amathamanga motani, kapena kuti shuga adapimitsa liti, amangoseka nati, "Ine achimwene sindidwaladwala."

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwa nthenda zonse zimene zikugwetsa amuna a msinkhu, yochenjera koposa ndi kuthamanga kwa magazi, imene aliyense tsopano amangoitcha BP, pakuti imakhala m'thupi zaka zambiri osapweteka paliponse, ikulemetsa mtima, kuumitsa mitsempha ndi kufoola impso, kufikira tsiku limene mtsempha wa mu ubongo utsekeka kapena kuphulika, munthu nagwa m'munda, pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo zitafa. Pamenepo abale amathamangira kunena kuti am'menya ndi hamala ya ufiti, nayamba kulozana zala pamudzi, pamene mdani weniweni adali m'magazi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, kuti amuna ndiwo adachuluka, ndiponso kuti unyinji wa iwo sunkadziwa n'komwe. Za mtima anthu a kwa Goliati safunikira kuuzidwa ndi mlendo: mwana wa dera lino, Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene agona ku Mpumulo wa Bata pa Ndata, adatisiya mwadzidzidzi pa 5 April 2012 mtima wake utaima.

Kupima kwake n'kopepuka. Amakulunga lamba pamkono, makina naonetsa manambala awiri, ndipo akamafika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, osati tsiku limodzi lokha koma mobwerezabwereza, adokotala amayamba chithandizo. Mankhwala ngati hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril amatsitsa BP bwino lomwe, koma sayichotsa, ndipo apa m'pamene abambo ambiri amapunthwira: akamwa mwezi umodzi namva thupi kupepuka, amaponya mapiritsi kudenga nati achira. Wowayamba ayenera kuwamwa tsiku ndi tsiku, achepetse mchere kuti usapose kasupuni kamodzi patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo ndi wa pa chiwaya womwe, asiye fodya, ndipo mowa auyang'ane ndi diso lina.

Mnzake wa BP ndi shuga, amene amadziwika ndi ludzu losatha, kukodzakodza usiku, kuwonda munthu akudya bwino, ndi zilonda za kumapazi zosapola. Amamugonjetsa ndi kadyedwe koyenera, mapiritsi ngati metformin, ndipo ena ndi jakisoni wa insulin. Awiriwa ali ndi mthenga amene amam'tumiza patsogolo, koma mthengayo amafikira kuchipinda, kumene mwamuna safuna kuti mlandu utuluke. Kunena mwaulemu, bambo akayamba kufooka pa udindo wa m'banja, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti mitsempha ing'onoing'ono ya magazi yayamba kuwonongeka, ndipo imene yayamba kumeneko mawa idzakhala ya mtima. M'malo mokapimitsa, mkulu uja amatafuna gondolosi, nagula mapiritsi osadziwika kwa wogulitsa pamsika, amene akhoza kum'gwetsa ngati akumwanso mankhwala ena a mtima, kenaka nayamba kukayikira mayi wa kunyumba kuti adam'chita chipongwe. Ine ndikuona kuti maukwati ambiri amene ankhoswe alephera kuwalunzanitsa akadapulumuka ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala.

Za ukalamba ndi matenda ena ndingodutsamo. Mwamuna akapitirira zaka 50, kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kamazinga njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo, kamakula, mkodzo nuyamba kutuluka modontha, ndipo tsiku lina umatsekekeratu mpaka am'lowetse paipi. Kawirikawiri si khansa, koma nthawi zina ndi khansa, ndipo wosiyanitsa ndi dokotala yekha. Phudzi nalo, limene amuna onyamula katundu wolemera amalibisa mu thalauza zaka khumi, limatha ndi opaleshoni imene zipatala za maboma zimachita. Chifuwa chopitirira masabata awiri chimafuna kupimitsa makhololo, pakuti chikhoza kukhala TB, ndipo mankhwala a TB ndi a miyezi 6, aulere. Pa nkhani ya HIV, boma la Thyolo lili ndi mbiri yoti linyadire, pakuti kuno madokotala a Médecins Sans Frontières pamodzi ndi a boma adayamba kupereka ma ARV m'chaka cha 2003, anthu amene manda adali atawayasamira nadzuka kubwerera kumunda. Koma ngakhale pa nkhani imeneyi amuna ndiwo amafika mochedwa, ena atanyamulidwa kale, pamene akazi awo adayezetsa kalekale ku sikelo.

Koma ilipo nthenda imene lamba wa pamkono sangaione, ndipo ndi imene mwambo wathu udaiphimba ndi mawu awiri aja akuti mwamuna salira. Taganizani za bambo amene ntchito yake ya pa esiteti ndi ya nyengo ya mvula yokha, tiyi akamaphuka kwambiri, ndipo chilimwe chikafika amam'pumitsa. Munda wake ndi kachigamba, pakuti Thyolo ndi boma lothinana, limene nthaka yake yambiri yabwino ili pansi pa tiyi chiyambire masiku a atsamunda. Feteleza wakwera, wa katapila akugogoda pachitseko, ndipo mwina namondwe wa Freddy wa mu March 2023 adam'gwetsera nyumba. Kuda nkhawa pa zoterezi n'kwa munthu aliyense. Koma chisoni chikakhala masabata awiri kapena kuposa osasuntha, tulo titathawa, nsima itasanduka dothi m'kamwa, mpira ndi bawo zimene ankazikonda zitam'zizirira, ndipo akudziona ngati katundu wolemetsa abale, pamenepo si ulesi kapena kuchepa kwa chikhulupiriro, koma nthenda ya kukhumudwa, imene ili ndi mankhwala monga malungo ali ndi ake. Mwa amuna imavala zovala zachilendo: ukali, ndewu za m'nyumba, ndi kachasu wa m'mawa. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa chinthu chimodzi chosasintha, kuti mwa anthu odzipha m'Malawi ochuluka kwambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mikangano ya m'banja zimatchulidwa kawirikawiri.

Ambiri akamva za matenda a maganizo amangoona chipatala cha ku Zomba ndi munthu womangidwa zingwe, pamene chithandizo chachikulu ndi uphungu, kukhala pansi ndi namwino wophunzira za maganizo ndi kumasula mtolo pang'onopang'ono, ndipo kwa ena mapiritsi ngati fluoxetine kapena amitriptyline, amene mphamvu yake imamveka pakapita masabata angapo, osati usiku umodzi. Woledzera wa zaka zambiri amene manja amam'njenjemera m'mawa asasiye mowa mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kukomoka. Apite kuchipatala akam'thandize kusiya. Ndipo mnzanu akanena mawu ngati akuti "mudzandifuna" kapena "ndatopa nawo moyo", musawayese nthabwala za pamowa: mfunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikum'patsa maganizowo, musam'siye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo mumperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu atsibweni, inu apongozi, inu akulu a mpingo ndi akapitawo amene mawu anu amamveka: chipatala cha boma pa Thyolo chilipo, cha Malamulo ku Makwasa chiliko, zipatala zazing'ono ndi alangizi a zaumoyo ali m'midzi mwathu momwemu. Sabata ino tengani buku lanu la kuchipatala, muitanenso mnzanu mmodzi, mukapimitse BP. Ku chipatala cha boma salipiritsa, ndipo lamba uja sakhalitsa pamkono mphindi zisanu.