Oyilo akamadontha, yambani kuyang'ana pamwamba

Nyengo yokolola ino, pikiapu yanu yakale ija siikupuma ndi matumba. Mukaona madontho akuda pomwe inagona usiku, musangothira oyilo wina n'kunyamuka. Oyilo akathera panjira injini imanoka, ndalama yonse ya soya n'kuthera kwa makaniko.

Injini ikazizira, itsukeni ndi palafini, muipukute iume, kenako muilize mphindi 10. Oyilo amatsetserekera pansi, choncho pomwe akudonthera nthawi zambiri si pomwe akutulukira. Londolani mzere wonyowawo mpaka pomwe wayambira. Kawirikawiri mupeza kuti gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini yauma n'kung'aluka, ndipo kuisintha sikovuta. Onaninso fyuluta ngati yakhwepa, ndi washala wa bawuti yokhetsera oyilo. Fyuluta imangeni ndi manja basi. Bawutiyo osaikakamiza ndi sipanala. Ambiri amadya mazinga pamenepa poganiza kuti akulimbitsa.

Akamatulukira pomwe injini yalumikizana ndi giyabokosi, mwina yatha ndi rabala yotchinga oyilo kumbuyo kwa injini. Imeneyo ndi ya makaniko, chifukwa pamafunika kutsitsa giyabokosi. Podikira, yezani oyilo m'mawa uliwonse musanalize, galimoto itaima pamalo osapendekeka.