Ulendo wa botolo la vinyo: n'chifukwa chiyani limadula kuposa chakudya?

Ambiri amene anadyapo m'mahotela a mu Blantyre, Lilongwe kapena m'mbali mwa nyanja ku Mangochi amaidziwa mphindi imeneyi. Mwaitanitsa chambo chootcha, mnzanu waitanitsa nkhuku, kenaka woperekera zakudya akukupatsirani kabuku kachiwiri, ka zakumwa. Mukafika pa tsamba la vinyo, maso amathamangira kumanja komwe kuli mitengo, ndipo mumapeza kuti botolo limodzi likuposa mbale ziwiri zija kuziphatikiza pamodzi. Ena amatseka kabukuko mwaulemu n'kuitanitsa zoziziritsa kukhosi. Ena, poopa manyazi pamaso pa alendo awo, amaloza botolo lomwe dzina lake sangathe n'kulitchula komwe, n'kukadandaulira kunyumba.

Gawo lalikulu la ndalama imeneyo sililipira mphesa ayi. Limalipira msewu, misonkho, kufooka kwa kwacha komanso tebulo lomwe mwakhalapolo. Koma kuti zimenezi zimveke, ndi bwino kuyamba ndi zomwe zili m'botolomo.

Vinyo ndi madzi a mphesa omwe awira. Mphesa zakupsa bwino zimakhala ndi shuga wambiri, ndipo yisiti imadya shugayo n'kumusandutsa mowa. Amayi ofulula masese amayenera kuyamba akonza chimera kuti ufa wa chimanga utulutse shuga; mphesa sizifuna ntchito imeneyo chifukwa shuga zili naye kale. Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Vinyo amafiira chifukwa choti madziwo amawira pamodzi ndi makoko a mphesazo, pomwe popanga vinyo woyera makokowo amachotsedwa msanga. Makoko omwewo ndi omwe amapatsa vinyo wofiira kakomedwe komanga m'kamwa ngati ka nthochi yosapsa bwino, komwe ongoyamba kumene kumwa samakakonda.

Liwu loti dry lomwe limalembedwa pa mabotolo ambiri limasokoneza anthu. Silitanthauza kuuma kulikonse, koma kuti yisiti yadya pafupifupi shuga yense ndipo vinyoyo satsekemera. Mitundu ngati Four Cousins ndi 4th Street, yomwe imayenda malonda pa maukwati ndi m'maphwando, imakondedwa chifukwa imakhala ndi shuga wotsalira. Kutsekemerako kumabisa ukali. Vinyo wambiri wa patebulo amakhala ndi mphamvu ya mowa ya pakati pa 12 ndi 14 peresenti, pomwe mowa wa m'mabotolo umakhala cha m'ma 5 peresenti. Choncho botolo limodzi la mamililita 750 la vinyo wa 13 peresenti lili ndi mowa wofanana ndi mabotolo pafupifupi 6 a mowa wamba. Anthu awiri omwe amaliza botolo pa chakudya cha madzulo, aliyense wamwa ngati mabotolo atatu, ndipo mmodzi wa iwo ndiye amagwira chiwongolero pobwerera.

Vinyo wochuluka wa m'sitolo ndi m'malo odyera a m'dziko muno amachokera ku South Africa, makamaka m'madera a Stellenbosch, Paarl, Franschhoek ndi Robertson, kufupi ndi mzinda wa Cape Town. Kumeneko ntchitoyi ndi yakalekale. Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika ku Cape, analemba kuti vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659. M'chaka cha 1688 kunafika Afalansa othawa nkhanza za chipembedzo kwawo, ndipo dera lomwe anapatsidwa ndi lomwe likutchedwa Franschhoek lero. Mphesa ya Pinotage, yomwe dzina lake limapezeka pafupifupi m'kabuku kalikonse ka zakumwa, inabadwira komweko pomwe katswiri wina wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa za ku France m'zaka za m'ma 1920.

Nanga bwanji ife, amene timalima tiyi, fodya ndi nzimbe zopita kunja, sitilima mphesa zokwanira kupangira vinyo? Vuto lagona pa nthawi yomwe mvula imagwa. Ku Cape mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, pomwe mpesa uli chigonere wopanda masamba. Mphesa zimapsa m'nyengo yotentha ndi youma ndipo zimakololedwa kuyambira January mpaka cha mu April. Kuno miyezi imeneyo ndi ya dzinja lenileni. Chinyezi ndi kutentha zikakumana, matenda a nkhungu amagwira masamba ndi zipatso, mphesa zimang'aluka n'kuwola zisanadzadze shuga. Izi sizikutanthauza kuti m'chigawo chino cha Africa mpesa sungabereke. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, komwe mvula ndi yochepa, amishoni anabweretsa mpesa ndipo lero alimi akumeneko amakolola kawiri pa chaka n'kugulitsa ku makampani opanga vinyo. Koma mbewuyi imafuna malo osankhidwa bwino, ulimi wothirira komanso kudikira zaka zitatu kapena kuposerapo mlimi asanaone phindu, zomwe alimi athu ambiri sangakwanitse popanda ngongole yofewa.

Motero botolo limayenera kuyenda. Kuchoka ku Cape Town kudzera ku Johannesburg, Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa chipata cha Mwanza ndi mtunda wa makilomita oposa 3,000. Galasi ndi lolemera, limasweka, ndipo thiraki imatha kugona masiku pa chipata ikudikira mapepala. Kilomita iliyonse imalowa mu mtengo. N'chifukwa chake vinyo wa m'makatoni a malita atatu kapena asanu amatsika mtengo: mwa zina, m'katonimo mulibe galasi loti mulilipirire ulendo.

Katunduyo akafika, bungwe lotolera misonkho la MRA limatengapo gawo lake. Mowa uli m'gulu la katundu yemwe boma limaikapo msonkho wapadera wa excise, monga limachitira ndi fodya wosuta, ndipo pamwamba pake pamabweranso msonkho wa VAT womwe ndi woposa 16 peresenti. Mukayang'anitsitsa bilu ya ku hotela mupezaponso 1 peresenti yopita ku thumba lotukula ntchito zokopa alendo.

Chomwe chasintha kwambiri mitengo m'zaka zaposachedwapa ndi kwacha. Banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya ndalamayi ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe dola imodzi ya ku America inafika pa K1,700. Woitanitsa vinyo amalipira mu randi kapena mu dola. Ndalama zakunja zikasowa, mabanki amatsogoza mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala, ndipo palibe angatsutse zimenezo. Wogulitsa vinyo amakhala kumapeto kwa mzere. Akapeza ndalamazo movutikira, saika mtengo potengera zomwe anagulira botolo lomwe lili pa shelefu, koma zomwe adzagulire lolowa m'malo mwake. Ichi n'chifukwa chake m'malo ena odyera mitengo ya vinyo imamatidwa ndi kapepala kapena kulembedwa ndi pensulo, ndipo mukaloza dzina lina amakuuzani kuti limenelo linatha kalekale.

Gawo lomaliza ndi la mwini malo odyera. Padziko lonse, si zachilendo kuti botolo la patebulo lidule kawiri kapena katatu kuposa la m'sitolo. Phindu la pa chakudya limakhala lochepa chifukwa nyama, mafuta ophikira, gasi, jenereta ndi malipiro a ophika zimadya ndalama zambiri, pomwe botolo limangofuna kutsegula. Zakumwa ndiye zimanyamula lendi. Vinyo wogulitsidwa pa galasi amadula koposa mukawerengera bwino. Botolo limodzi limatulutsa magalasi asanu a mamililita 150, koma likatsegulidwa mpweya umayamba kuliwononga ndipo pakatha masiku ochepa limasasa. Mwini malo amaika mtengo wa galasi moganizira kuti otsalawo mwina atayidwa. Ngati muli anthu atatu kapena kuposerapo, botolo lathunthu limakupulumutsani. Malo ena amalola kubwera ndi botolo lanu n'kulipira kandalama kotsegulira, komwe amakatcha corkage, koma ndi bwino kufunsiratu musanapite.

Pali mwambo wina womwe umachititsa anthu manyazi popanda chifukwa. Woperekera zakudya amakuonetsani botolo, kulitsegula, n'kuthira pang'ono m'galasi mwanu, kenaka n'kuima chilili. Sakukufunsani ngati mwamukonda vinyoyo. Akukupatsani mpata woti muone ngati sanawonongeke. Mukamva fungo ngati la katoni yonyowa kapena la chipinda chachinyezi, ndiye kuti chotsekera chake chinamuwononga. Akamanunkha ngati viniga kapena ngati zipatso zophikidwa, ndiye kuti analowa mpweya kapena anapsa ndi kutentha. Kwa ife chachiwirichi si nkhambakamwa: botolo lomwe ladutsa ku Tete mu October n'kukakhala m'chipinda chosungiramo katundu chopanda mpweya wozizira limakhala litaona zokhoma. Vinyo wotere muli ndi ufulu womubweza, ndipo malo odyera odziwa ntchito yawo sakangana nanu.

Kutentha komweko kumakhudzanso kamwedwe. Lamulo loti vinyo wofiira salowa m'firiji linachokera ku Ulaya, komwe m'nyumba mumakhala madigiri 16 mpaka 18. Masana a ku Salima kapena ku Nchalo ndi nkhani ina. Kupempha kuti botolo lofiira aliike m'madzi oundana kwa mphindi khumi si umbuli. Pa nkhani ya chakudya, chambo chimayenda bwino ndi vinyo woyera monga Chenin Blanc kapena Sauvignon Blanc, pomwe nyama ya mbuzi yootcha imafuna wofiira. Okonda kuthira Nali kapena kambuzi wambiri adziwe kuti mowa waukali umawonjezera moto wa tsabola, ndipo vinyo wotsekemera pang'ono ndi amene amauziziritsa.

Chodabwitsa m'timabuku tambiri ta zakumwa n'choti vinyo wopangidwa konkuno sawonekamo kawirikawiri, chonsecho alipo. Kampani ya Linga ya mu Lilongwe, yomwe inayambitsidwa ndi banja la a Ngwira, imapanga vinyo kuchokera ku zipatso monga jambula, magwafa, mapichesi, sitiroberi ndi chidede, zomwe imagula kwa alimi ang'onoang'ono. Ku Karonga, gulu la alimi la Twitule limapanga vinyo wa nthochi zomwe zikanangowola chifukwa chopsa msanga ndi kutentha. Kapangidwe kake sikasiyana kwambiri ndi ka mphesa, kungoti zipatso zambiri zilibe shuga wokwanira, choncho opanga amathiramo shuga, yemwe dziko lino limapanga lokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Vinyo wotereyu samva kukoma ngati wa mphesa, ndipo womuyerekeza ndi Pinotage amamulakwira. Ubwino wake ndi woti sadutsa pa Beitbridge, ndipo ndalama ya zipatso imatsala m'manja mwa mlimi wa kuno. Aliyense amene anaona mango akuwolera pansi pa mitengo mu December, kapena ana akutsatsa timbale ta zipatso m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba, akudziwa kuti zopangira sizikusowa. Komabe naye sathawiratu vuto la ndalama zakunja, poti mabotolo agalasi, zotsekera ndi yisiti yapadera zimaitanitsidwa kunja. Wopanga wamng'ono amayeneranso kupeza chiphaso cha bungwe loona za miyezo la MBS asanalowe m'sitolo zikuluzikulu, ndipo mahotela amafuna munthu woti aziwapatsa katundu wofanana kakomedwe mwezi ndi mwezi, zomwe n'zovuta pomwe zipatso zimabwera pa nyengo.

Pachifukwachi, ambiri amakumana ndi vinyo wa kuno koyamba osati ku hotela, koma pa zionetsero za malonda ndi zaulimi monga zomwe zimachitikira pa bwalo la Chichiri mu Blantyre, kapena m'misika ya alimi ya kumapeto kwa sabata, komwe opanga amaima okha kuseri kwa tebulo n'kumalawitsa anthu m'timakapu. Kumeneko mungafunse mafunso omwe woperekera zakudya sangayankhe: chipatsocho chinachokera boma liti, vinyoyo wakhala miyezi ingati asanalowe m'botolo, ndipo mphamvu yake ya mowa ndi yotani. Funso lomalizali yankho lake liyenera kupezekanso pa chikalata chomatidwa pa botolo. Ngati palibe, botololo lisiyeni pomwepo.